Nkhuku yapuwala miyendo koma ikudya bwinobwino: zoyenera kuchita

Funso ili landikwana. Mwezi sutha osalandira foni kapena chithunzi cha nkhuku itagona chammbali, mwendo wina uli kutsogolo wina kumbuyo, uthenga wake ndi umodzimodzi, "achimwene ndi chitopa ichi? ndigule mankhwala anji?" Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wina akadzafunsanso ndizingomupatsa zimenezi. Nthawi zambiri nkhuku ikapuwala chonchi si chitopa ayi, ndi matenda a Marek, ndipo ndinene pano pomwe musanataye ndalama ku shopu: alibe mankhwala. Ntchito imene ilipo ndi yopulumutsa zotsalazo komanso anapiye amene adzabwere.

Dzinali ndi la dokotala wa ziweto wa ku Hungary, József Marek, amene anayamba kulemba za matendawa mu 1907. Dzina la Chichewa lodziwika alibe, n'chifukwa chake kumudzi zonse timangoziponya m'thumba limodzi la chitopa kapena chideru.

1. Musathamangire ku shopu, khalani pansi muiyang'ane kaye

Nkhuku ya Marek imayamba ndi kutsimphina ngati yaponda minga. Mumaigwira, kuyang'ana kuphazi, palibe bala, palibe chotupa. Pakapita masiku angapo mwendo uja umayamba kukokeka, zala zimapindika, ikati ithamange imagwa n'kumadzithandiza ndi phiko. Kenako imafika pogona mwendo umodzi utaloza kutsogolo wina kumbuyo ngati mwana amene akusewera zotambasula miyendo. Kagonedwe kameneka mukakaona kamodzi simudzakaiwala. Ina phiko limodzi limangogwa n'kumakwekwereza pansi, ina khosi limafooka.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti maso ali gwa, mutu uli bwinobwino, mukaiyikira madeya pafupi ikudya ndithu mwadyera. Ndiye munthu umati ichira iyi. Koma igwireni pachidale, mupeza fupa lili lakuthwa ngati mpeni, nyama yatha.

Yang'ananinso m'maso pa dzuwa. Diso la nkhuku yabwino limakhala lofiirira ngati lalanje ndipo kadontho kakuda kapakati kamakhala kozungulira bwino. Zina za Marek diso limasanduka lotuwa ngati phulusa, kadontho kaja kamachepa n'kukhala kokhotakhota m'mbali, nkhuku n'kumajompha pambali pa chakudya chifukwa siikuona. Si zonse zimene zimaonetsa zimenezi. Palinso zina zimene sizipuwala n'komwe, zimangoonda, lipombo kuyera, kenako mwaipeza yafa m'mawa.

Msinkhu ndi umboni waukulu. Marek amakonda nkhuku za miyezi itatu mpaka isanu kapena isanu ndi umodzi, makamaka misoti imene yatsala pang'ono kuyamba kuikira (msoti ndi nkhuku yaikazi imene sinayambe kuikira mazira, ndanena chifukwa ana a m'tauni ena sadziwa). Akhoza kugwira zazing'ono kuposa apa, ngakhale za mwezi umodzi ndi theka, koma mwanapiye wa sabata imodzi akapuwala ganizirani zina.

2. Siyanitsani ndi matenda ena opuwalitsa

Apa ndi pamene ambiri amaphonya.

Chitopa sichichita zamanyazi. Chikalowa, nkhuku zamisinkhu yonse zimadwalira limodzi, zimazyolika mapiko ali pansi ngati zavala jekete, kupuma mobanika, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, ndipo pasanathe sabata khola lapululuka, kwa aneba nakonso kukumveka zomwezo. Zimene zapulumuka ndi zimene zimapinda khosi n'kumayang'ana kumwamba kapena kuzungulirazungulira. Marek ndi wakabisira, amatenga imodzi lero, ina pakatha masabata awiri, ina mwezi wamawa, zazikulu zili phee osadwala. Ngati zikufa zambiri nthawi imodzi siyani kuwerenga izi, pitani kwa alangizi a ziweto lero lomwe.

Anapiye a masabata awiri kapena atatu amene zala zapindikira mkati ndipo akuyendera m'zigongono, kawirikawiri ndi kuperewera kwa vitamini B2, zimachitika kwambiri kwa amene timawapatsa madeya okhaokha. Amenewa mukawapatsa mavitamini a m'madzi msanga amadzuka.

Nkhuku imene yadya mphutsi za pa nyama yowola imalefuka thupi lonse mwadzidzidzi, khosi lili lende ngati chingwe, zikope kutsekeka, nthenga kumasosoka mosavuta. Imeneyo ndi poizoni wa mu zowola, siipatsirana, pezani chimene chafera patchire pafupi n'kuchikwirira.

Thadzi limene likuikira kwambiri n'kukhala pansi osatha kuima, mazira ake chikamba chili chofewa, ndi kashiamu amene wachepa. Mabuloila olemera kwambiri nawonso miyendo imakanika kunyamula thupi. Ndipo musaiwale zapafupi, mwana anaigenda, chitseko chinaipana, kapena kuphazi kuli chithupsa.

Ine ndimapanga chonchi: ndimaipatsa mavitamini a m'madzi masiku asanu mpaka sabata. Ikamasintha, sanali Marek mwina. Ikamapitirira kuipa chonsecho ikudya, ndipo ndi msoti, ndipo mwezi wathawu inanso inachita chimodzimodzi, mtima ndimauuza kuti ndi yemweyo.

3. Ipatuleni, koma mudziwe chimene kupatulako kukuchita

Iikeni payokha mu dengu kapena katoni, pansi poyala udzu wouma, madzi ndi chakudya pafupi ndi mlomo. Madzi akhale m'kambale kosaya chifukwa nkhuku yopuwala imamira m'madzi ochepa zedi. Muziitembenuza, muziipukuta kumbuyo, apo ayi ntchentche ziikira mphutsi. Chifukwa chachikulu choipatulira n'choti anzake amaijompha ndi kuiponda, atambala ndiye osanena.

Koma musadzinamize kuti mwatsekereza matenda. Kachilombo ka Marek kamachulukana m'timabowo ta pakhungu mmene nthenga zimamerera, ndipo kamatuluka ndi kafumbi koyera kaja kamene kamauluka nkhuku ikadzikung'untha, kangati mfundu. Nkhuku ina ikapuma fumbilo basi yatenga. Fumbi limeneli limakhala m'ming'alu ya zipupa, pa denga, pa ukonde wa akangaude, m'zisa, pa malaya anu ndi nsapato, ndipo kachilomboko kamakhala ndi moyo mmenemo miyezi yambiri. Kuyambira pamene nkhuku yatenga kufika poonetsa zizindikiro pamadutsa masabata angapo, nthawi zina miyezi. Ndiye pamene mukuona yoyamba itagona, khola lonse linapuma kale fumbilo. Sizidwala zonse ayi, zambiri zimangokhala nako moyo wonse zili zonenepa bwino, koma zikumwaza.

4. Mankhwala: sungani ndalama zanu

Makapisozi, oxytetracycline wa ufa wachikasu uja, jakisoni, zonsezi zimapha mabakiteriya, Marek ndi vairasi wa gulu la herpes ndipo amayambitsa zotupa za khansa m'mitsempha ndi m'ziwalo zamkati. Alovera, tsabola, nimu, sindikunyoza, nanenso ndinakulira momwemo, koma chotupa cha mu mtsempha sichingasungunuke ndi tsabola. Katemera wa chitopa sathandizanso, wa Gumboro (matenda ena a anapiye) chimodzimodzi, ndipo kubaya katemera wa Marek nkhuku imene yadwala kale ndi kungotaya.

Wina anena kuti "yanga ndinaipatsa zakutizakuti inadzuka". Zimatheka, pali mtundu wina wa Marek umene nkhuku imapuwala masiku awiri atatu n'kudzuka yokha, ndiye ulemu umapita kwa mankhwala amene anali pafupi. Zambiri mwa zimenezi zimadzagwanso pakapita masabata.

5. Gawo lovuta: kuipha ndi kuitsegula

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha, amati "chotsani nkhuku yodwala" ngati ndi chinthu chophweka. Nkhuku ikudya, ikukuyang'anani, mwina ndi msoti umene mumayembekezera kuti mazira ake agula makope a ana. Ine yanga yoyamba ndinaisunga pafupifupi masabata atatu ndikuimwetsa ndi supuni, inafa itatsala mafupa okhaokha ili ndi zilonda m'mbali, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndinaizunza chabe.

Malire anga tsopano ndi awa: ikatha sabata pa mavitamini osasintha, kapena ikafika poti singathe kudzikoka kufika pa madzi, kapena yayamba kupuma movutika, ndimaipha tsiku lomwelo. Mpeni ukhale wakuthwa, kamodzi n'kamodzi, kutali ndi khola komanso kumene mphepo sikupita ku khola. Ngati mtima sukulola pemphani wina, palibe chamanyazi.

Musaisosole. Ndibwerezenso, musaisosole nthenga, chifukwa kachilombo kali mu nthengamo ndipo mukasosola pabwalo mwafesa matenda ndi manja anu. Inyowetseni yonse m'madzi a sopo kuti fumbi lisauluke, kenako muitsegule, chifukwa popanda kutsegula muzingoganizira mpaka kalekale. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, yalani thumba pansi.

Igonekeni chagada. Dulani khungu pakati pa ntchafu ndi mimba mbali zonse ziwiri, kanikizani miyendo pansi mpaka mafupa a m'chiuno amveke kuti thi, igone yotambalala. Mkati mwa ntchafu patulani nyama pang'onopang'ono ndi zala kapena kumsana kwa mpeni, mupeza kachingwe koyera kotsata fupa la ntchafu kutsika kumwendo. Umenewo ndi mtsempha umene umayendetsa mwendo, si wa magazi ayi. Upezeni mbali zonse ziwiri n'kufananiza, chinsinsi chili pofananizapo. Wabwino umakhala woyera, wowala, wowonda, ndipo mukauyang'anitsitsa pa dzuwa uli ndi timizeremizere topingasa. Wa Marek umanenepa kawiri kapena katatu kuposa mnzake, umasanduka wotuwa kapena wachikasu, timizere tija osaoneka. Kawirikawiri wotupawo umakhala ku mwendo umene unapuwala.

Mukatero tsegulani pamimba, kwezani chidale. Onani chiwindi: chabwino ndi chofiirira, chosalala, m'mbali mwake mopyapyala. Cha Marek chimatha kukula mpaka kudzaza mimba, chili ndi madontho kapena timibulu toyera ngati mafuta olimba. Onani kapamba, kampira kofiirira kamene kali pafupi ndi nthutumba, kakhoza kutupa kwambiri. Kwa msoti onani pamene pamayambira mazira, kumsana, m'malo mwa timazira tating'ono mumapeza chinthu chotuwa chamabwampumabwampu. Impso, mtima, mapapo nazonso zimatha kukhala ndi zotupa zoyerazi.

Jambulani zithunzi pa foni muli panja powala, chiwindi, mitsempha iwiri ija ili pamodzi, n'kukaonetsa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya kwanu. Chenjezo: mtsempha ukhoza kuoneka bwinobwino ndi maso koma nkhuku ili ndi Marek, komanso zotupa za pachiwindi zokha pa nkhuku yaikulu zikhoza kukhala za matenda ena otchedwa leukosis amene amafanana nawo kwambiri koma iwo amadutsira m'dzira. Chitsimikizo chenicheni chimachokera ku labotale, ngati ya boma ya ziweto ku Lilongwe, ndipo alangizi ndi amene angakuuzeni katumizidwe kake. Akafuna nkhuku, yabwino ndi yodwala yamoyo kapena imene yangofa kumene, yoikidwa pozizira koma osaiumitsa mu firiza.

Mukamaliza kumbani dzenje lakuya loti galu asafukule, ponyani zonse ndi thumba lomwe munayala, thirani laimu kapena phulusa, kwirirani. Kutentha ndi bwinonso ngati nkhuni zilipo. Sambani, sinthani zovala musanapite ku khola.

Za kudya, poti ndikudziwa mufunsa: kachilomboka sikagwira anthu, mazira a nkhuku zotsalazo idyani mopanda mantha. Koma nkhuku yodwala, yowonda, yodzaza zotupa, mwinanso munaimwetsa makapisozi dzana, imeneyo si ndiwo.

6. Gawo lovuta kuposa: khola lanu latsekedwa

Kupha nkhuku imodzi ndi kwa tsiku limodzi. Chovuta chenicheni ndi kuvomera kuti nkhuku zanu zonse tsopano ndi zonyamula matenda, ndipo yamoyo siyenera kutuluka pakhomo panu kupita ku khola la wina. Kwathu kuno nkhuku imayenda, apongozi abwera timawapatsa msoti akawete, aneba abwereka tambala, wina wadwala tigulitse ziwiri pamsika tipeze thiransipoti. Ndipo chimene ambiri amachita akaona matenda ndi kuthamangitsa zotsalazo ku msika zisanafe. Ine matendawa anandipeza momwemo, ndinagula misoti inayi yooneka bwino kwa munthu wina pamsika pamtengo woti ndinadziona wochenjera, patatha miyezi iwiri misoti yanga yobadwira pakhomo inayamba kugwa umodziumodzi, chonsecho inayi ija ili bwinobwino.

Ndiye ngati mukugulitsa, gulitsani yoti ikaphedwe, bwinonso muiphe nokha. Mlendo mupatseni yophika kapena mazira. Wobwereka tambala muuzeni zoona, adzadandaula lero koma ndi bwino kusiyana n'kuti adzakutchuleni dzina misoti yake ikamadzagwa. Amene akufuna mtundu wa nkhuku zanu mupatseni mazira oyera opanda zitosi akaikire thadzi lake, poti Marek sadutsira mkati mwa dzira.

Musadalirenso zoti nkhuku yachilendo mukaisunga payokha masabata awiri ndiye kuti ili bwino. Kwa chitopa zimathandiza ndipo muzichita ndithu, koma Marek amadikira nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Kodi muphe zonse muyambirenso? Kwa wa nkhuku za mazira mazanamazana amene amalowetsa gulu limodzi n'kutulutsa lonse, zimamveka. Kwa ife a nkhuku khumi ndi zisanu zoyendayenda, zimene masana zimakasakanikirana ndi za aneba kudzala, ine ndimati ayi. Mupha zonse, mugula zina, zipuma fumbi lomwelo.

7. Chepetsani fumbi

Simungathe kukachotseratu kachilomboka koma kuchuluka kwake kuli ndi ntchito, mwanapiye amene wapuma kochepa ali ndi mwayi kuposa amene wakulira mu fumbi lambiri. Tulutsani nkhuku, wazani madzi kaye musanasese, osasesa pouma. Chotsani utuchi kapena mankhusu onse, udzu wa m'zisa utenthedwe. Kolopani zipupa, mitanda yogonapo, denga ndi akangaude ake, ndi madzi a sopo, kenako mankhwala ophera tizilombo a ku shopu ya ziweto kapena Jik wosungunula. Kuthira mankhwala pamwamba pa zitosi ndi kungodzisangalatsa, sopo ayambe. Lisiyeni liume, dzuwa lilowe. Khola la dothi lizirani mwatsopano, la nsungwi lakalekale nthawi zina kulitentha n'kumanga lina pamalo ena n'kotchipa. Manyowa ake apite kumunda wakutali, osati padimba la kuseri kumene nkhuku zimakapalasa.

Onjezani mazenera a waya kuti mphepo izidutsa, ndipo musazithinanitse. Nyongolotsi, utitiri, chitosi cha magazi, njala, zonsezi zimafooketsa nkhuku n'kupatsa Marek mpata, makamaka pa nthawi imene misoti ikuyamba kuikira.

8. Anapiye atsopano ndi nkhani ya katemera

Katemera wa Marek alipo kuyambira cha m'ma 1970, mayina amene mungamve ndi HVT ndi Rispens. Koma si wofanana ndi wa chitopa amene timadontheza m'diso pakhomo. Uyu amabayidwa kamodzi, pansi pa khungu kumbuyo kwa khosi, tsiku limene mwanapiye waswedwa, kapena ali m'dzira pa tsiku la 18. Wamphamvu kwambiri amasungidwa mu naitirojeni wamadzi wozizira kufika pa madigiri -196, ndiye ndi wa kumakina oswera anapiye basi. Wa ufa wa HVT amasungika mu firiji koma botolo limakhala la anapiye 1000 ndipo mukasungunula ayenera kutha mu ola limodzi kapena awiri. Kwa munthu wa anapiye 12 mukuona nokha.

Ndiye pogula anapiye, kaya ndi a mazira, a Mikolongwe, ma Kuroiler, funsani mwachindunji kuti "Marek anabayidwa?" Mawu oti "ndi otemera kale" sakwanira, otemera chiyani? Wogulitsa weniweni amadziwa yankho kapena amakhala ndi pepala lochokera kumene anaswedwa. Amene akuyankha mozungulira musiyeni.

Cholakwika chimene ndachiona kambirimbiri: munthu wagula anapiye obayidwa bwinobwino n'kukawaika tsiku lomwelo m'khola lakale muli nkhuku zazikulu. Katemerayu amafuna sabata imodzi kapena awiri kuti agwire, kachilombo kakafika msanga kuposa katemera ndalama zapita. Anapiye akhale m'chipinda china chotsukidwa, kutali, kumene mphepo imachokera osati kumene ikupita, masabata awiri osachepera, mukatha mwezi ndi bwino kwambiri. M'mawa yambani kwa anapiye kenako kwa zazikulu, osabwerera, ndipo pakhomo pa anapiye pakhale patapata wake wa pompo. Dziwaninso kuti katemerayu amaletsa kupuwala ndi zotupa koma saletsa nkhuku kutenga kachilombo ndi kumwaza, ndiye nkhuku yobayidwa yonenepa bwino ikhoza kudwalitsa zanu zachikuda zosabayidwa.

Kwa amene anapiye amaswedwa ndi make pakhomo, katemera ndi wovuta, njira yanu ndi kusankha mbewu. Nkhuku zimasiyana mphamvu yolimbana ndi Marek ndipo mphamvuyi imatsata mtundu. Mathadzi ndi atambala amene adutsa chaka m'khola la matendali osadwala ndi amene muziikira mazira awo. Thadzi limene ana ake amagwa chaka ndi chaka, ngakhale lokha lili bwino, lipite mu mphika. Nkhuku imene inapuwala n'kudzuka musaisunge ngati mbewu. Chaka choyamba mutaya ndithu misoti ingapo, koma mibadwo ikamapita imfa zimachepa, kwanga zinatero. Muziswetsa anapiye ochulukirapo kuposa amene mukufuna.

Ndipo katemera wa chitopa musasiye poti mwamva za Marek, awa ndi matenda awiri osiyana. I-2 uja wa dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, nkhuku zonse ndi anapiye omwe, kupatula yokhayo imene ikudwala kale.